Fitzroy inafa kapena ilipo? Mwana akufuna mbiri ya timu yake, ine ndasowa chomuuza

NaBanda_Northcote
Abale anga a ku Melbourne kuno, ndithandizeni. Mnyamata wanga wa zaka 9 wakana mpira wathu wamiyendo, akuti anzake onse a kusukulu ali ku footy, masewero a mpira wosongoka a kuno ku Australia. Ndiye chaka chino tamulembetsa ku timu ya ana ya Fitzroy, dera la mu Melbourne momuno, ija ya pa Brunswick Street Oval mu Edinburgh Gardens. Nditanena kuntchito, mnzanga wina anaseka, akuti Fitzroy inatha kalekale, inamezedwa ndi anthu a ku Brisbane. Koma pabwalo paja pali agogo ena osajomba, iwo akuti kalabu imeneyi sinafepo ndipo yadutsa zaka 140. Zoona ndi ziti? Mwana wauzidwa kuti akakambe m'kalasi za mbiri ya timu yake, akundifunsa ine, ine ndangoti kakasi.

Maule_wa_Dandenong
Mayi, vuto layambira polembetsa pomwepo. Mwana wa Chimalawi azithamangitsa mpira wosongoka uku ndi uku? Mubwezeni ku mpira weniweni asanazolowere.

NaBanda_Northcote
Achimwene, bwerani mudzamuuze nokha. Amagona nawo pabedi mpirawo.

Madala_a_Preston
Mayi NaBanda, mnzanu wakuntchito ndi agogo ajawo onse sakunama, kungoti aliyense wagwira mbali yake.

Fitzroy Football Club inayamba mu 1883. Mu 1897 inali pakati pa matimu 8 amene anayambitsa ligi ya footy ya chigawo chathu chino cha Victoria, VFL, yomwe mu 1990 inasintha dzina n'kukhala AFL, ligi yaikulu ya dziko lonse imene mukuionera pa TV leroyi. Masiku amenewo Fitzroy inali yoopsa. Inatenga chikho mu 1898, 1899, 1904, 1905, 1913, 1916, 1922, kenako 1944. Zikho 8, ndipo nthawi yonseyo kwawo kunali pabwalo lomwelo limene mwana wanu akupondapo Lamulungu. Sitandi yakale imene mumabisalamo mvula ija inamangidwa mu 1888, pano imatchedwa dzina la Kevin Murray, katswiri wawo amene anapata mendulo ya Brownlow, ya wosewera bwino koposa mu ligi, mu 1969.

Mavuto anakula atachoka pakhomo. Chaka chawo chomaliza pa Brunswick Street chinali 1966. Kuchokera apo anakhala alendo m'mabwalo a eni: Princes Park kwa a Carlton, Junction Oval ku St Kilda, Victoria Park kwa a Collingwood amene anali adani awo enieni, kubwereranso ku Princes Park, kenako Western Oval ku Footscray. Timu yopanda bwalo lakelake ndalama za pakhomo imagawana ndi mwini bwalo, ndipo masapota amatopa kuitsatira uku ndi uku. Ngongole zinakwera. Mu 1996 kampani ya inshuwalansi ya dziko la Nauru, imene inawabwereka ndalama zoposa 1 miliyoni ya madola, inafuna zake, kalabu n'kuikidwa m'manja mwa munthu woyendetsa za ngongole. Akuluakulu a Fitzroy ankafuna kuphatikizana ndi North Melbourne, kuti akhalebe mumzinda muno. Matimu ena anakana, poopa kuti pabadwa chimphona, chifukwa North inali pamwamba chaka chimenecho. Pa 4 July 1996 chigamulo chinagwa: malo a Fitzroy mu AFL apita kwa Brisbane Bears, ndipo timu yatsopano idzatchedwa Brisbane Lions.

Apa ndi pamene pali mnzanu wakuntchito. Koma kalabu yeniyeniyo, ndi mamembala ake ndi komiti yake, sinathetsedwe. Inangotsala yopanda timu yoti isewere.

Kabaza_wa_Tram11
Kalabu ya mpira yopanda timu? Madala, imeneyo kwathu timati yafa basi. Zinazo ndi kudzitonthoza.

Madala_a_Preston
Dikira kaye mphwanga, sindinamalize. Inatuluka m'ngongole mu 1998, inakhala ikuthandizira matimu ena ang'onoang'ono, kenako kumapeto kwa 2008 inaphatikizana ndi Fitzroy Reds, timu ya anthu osewera mosalipidwa imene inali kale pa Brunswick Street. Kuyambira 2009 Fitzroy ikuseweranso m'dzina lake mu VAFA, ligi ya osewera mosalipidwa, pabwalo lake lomwe lija. Loweruka ukadutsa pa tram yako ija utsike uone.

Mlendo_ku_Brisbane
Ine ndili kuno ku Queensland ndipo ndikukana kuti tinameza munthu. Kuno mbiri ya Fitzroy timaisunga. Mkango uli pa jezi yathu ndi wa Fitzroy, nyimbo ya timu imayenda m'mayimbidwe omwewo a Fitzroy, aja a nyimbo ya fuko la France. Jonathan Brown, amene anatithandiza kutenga zikho za 2001, 2002 ndi 2003, anabwera kuno chifukwa bambo ake anasewerapo Fitzroy, kudzera pa lamulo lija lolola timu kutenga mwana wa osewera ake akale. Mu 2024 titaswa Sydney pa fainolo, nkhalamba zambiri za ku Melbourne zinalira misozi yachimwemwe zitavala majezi akale a Fitzroy. Ndiye mwanayo akanene kuti timu yake inasamuka, ili bwino, ikudya zikho.

Chembere_ya_Footscray
A Brisbane, musatipusitse. Ngati mumasunga mbiri, munatengerana kukhoti chifukwa chiyani? Kumapeto kwa 2009 munachotsa mkango wa Fitzroy n'kuika wina wojambulajambula, Fitzroy inakakusumirani ku khoti lalikulu la Victoria ponena kuti mwaphwanya pangano la 1996. Nkhani inatha mokambirana mu 2010, ndipo mkango wakale unabwerera pa jezi patapita zaka. Tsono ndikufunseni: munthu wakufa amasumira mnzake?

Mlendo_ku_Brisbane
Amayi, apabanja nawonso amatengerana kukhoti koma banja lilipo.

Chembere_ya_Footscray
Limenelo si banja mwana wanga, ndi kulanda chuma cha masiye.

Aphunzitsi_Coburg
Tisathawe funso la mayiwa. Mwana sakusewera Brisbane, sakuseweranso timu ya akulu ya mu VAFA. Ali ku Fitzroy Junior Football Club, ndipo imeneyi ndi kalabu payokha, ili ndi komiti yakeyake ya makolo. Inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, nthawi imene timu yaikulu inali ikupuma wefuwefu ndi ngongole ndipo inali itachoka m'deralo zaka zoposa 20 m'mbuyomo. Imasewera mu Yarra Junior Football League, ligi ya ana imene inapangidwa mu 1997 pophatikiza maligi awiri a ana, ya ku Doncaster ndi ya ku Hawthorn.

Kwa ine nkhani imene mwana angakambe m'kalasi ndi imeneyi. Mu September 1996 timu yaikulu inasewera komaliza mu AFL kutali ku Perth, pa Subiaco, n'kugonja kwa Fremantle. Sabata imodzi m'mbuyo mwake Richmond inali itaikwapula ndi mapointi 151 pa MCG, bwalo lalikulu la mu Melbourne, anthu akulira m'masitandi. Manyuzipepala onse analemba za maliro. Koma chaka chotsatira, m'dera lomwelo, ana anavala dzina la Fitzroy n'kulowa m'bwalo ngati palibe chachitika. Pa zaka zonse zija za pakati pa 1997 ndi 2008, pamene kalabu yaikulu inalibe timu yakeyake, dzina limeneli linkamvekabe Lamulungu m'mawa chifukwa cha makolo odula malalanje ndi kuotcha masoseji. Sindikunyoza maloya ndi akomiti amene anateteza mapepala a kalabu, anagwira ntchito. Koma mapepala sasewera mpira.

Kabaza_wa_Tram11
Aphunzitsi mwalankhula bwino koma mwadzitsutsa nokha. Mwati ndi kalabu payokha, ya m'ma 1990. Ndiye zaka 140 za agogo aja zikuchokera kuti? Mwanayo anene zaka 30 ndi kanthu, asabe mbiri ya eni.

Aphunzitsi_Coburg
Akuba kwa ndani? Bwalo ndi lomwelo, dera ndi lomwelo, dzina ndi lomwelo, ndipo ana akakula ambiri amangowolokera ku timu ya akulu osasintha ndi bwalo lomwe. Anene zonse ziwiri: kalabu ya ana ndi yatsopano, koma nyumba imene akuleredwamo ndi ya 1883.

Maule_wa_Dandenong
Apa ndiye mwandikumbutsa kwathu. Ife tinali Bata Bullets, tinakhala Total Big Bullets, Bakili Bullets, Big Bullets, Nyasa Big Bullets, pano patsogolo pabwera FCB. Alipo anati Maule afa? Dzina limasintha ndi mwini thumba, timu ndi anthu.

Nyerere_ya_Noma
Timu ndi anthu, inde, anthu ake othawa kwathu mu 1967. Musaiwale kumene munachokera, ana inu.

Maule_wa_Dandenong
Mwana akaposa bambo ake zikho, bambo amangokhala chete. Nanga inu simunakhale Limbe Leaf, Telecom, MTL, Be Forward, Mukuru? Mwasintha maina kuposa ife.

Nyerere_ya_Noma
Koma sitinasamukire ku Mzuzu. Tayerekezani mawa muuzidwe kuti Bullets yagulitsidwa, izisewerera ku Karonga, jezi yomweyo, nyimbo zomwezo. Wa ku Ndirande adzati timu yake ilipo? Kuchoka ku Melbourne kukafika ku Brisbane ndi ulendo wa maola awiri pa ndege, aise. Ine pa nkhani iyi ndili ndi a Chembere.

Admin_Gulu
Maule ndi Noma, zanuzo kuli malo ake. Pano tikuthandiza mwana wa sukulu.

Mai_Busa_Sunshine
Pepani ndilowetse ina pang'ono, koma ikukhudza ana omwewa. Masewero a ana amakhala Lamulungu, nthawi zambiri m'mawa. Inu a NaBanda mukuchita bwanji ndi tchalitchi? Ine anga awiri ndinawaletsa chifukwa cha chimenechi. Kuyambira April mpaka August mwana osaponda ku Sande sukulu, ayi ndithu.

NaBanda_Northcote
Mai Busa, nkhani imeneyi inavuta kunyumba kwathu, bambo ake sanafune n'kumva komwe. Tinagwirizana kuti masewero akakhala m'mawa timapita mapemphero a madzulo. Agogo ake ku Kasungu sitinawauze.

Mai_Busa_Sunshine
Akamva ndiye mudzandiitana ndidzakupepesereni.

Madala_a_Preston
Mai Busa, mwandipatsa poyambira. Mayi NaBanda, ngati mwana akufuna munthu mmodzi woti akambe za iye, amutenge Doug Nicholls. Anali Mwaaborijini, mmodzi mwa eni nthaka a dziko lino, wa mtundu wa Yorta Yorta, wamfupi koma waliwiro. Anayamba wayesa mwayi ku Carlton, kumene anamusala chifukwa cha khungu lake. Anasewera ku Northcote, dera lanu lomwelo mayi, kenako Fitzroy inamutenga mu 1932 ndipo anakhalako mpaka 1937. Kumeneko Haydn Bunton, katswiri amene anapata Brownlow katatu, mu 1931, 1932 ndi 1935, anamulandira ngati mnzake pamene ena ankamutalikira. Atasiya mpira anakhala m'busa, tchalitchi chake chinali mu Fitzroy momwemo, akutumikira Aaborijini amene ankakhala movutika m'misewu ya m'deralo. Mu 1972 anapatsidwa ulemu wa Sir, woyamba mwa Aaborijini, ndipo mu 1976 anakhala bwanamkubwa wa chigawo cha South Australia. Masewero amene AFL imakumbukira Aaborijini chaka ndi chaka amatchedwa dzina lake.

Mwana wakuda akaima kutsogolo kwa kalasi n'kunena kuti munthu ameneyu anathamanga pabwalo limene ine ndimathamangapo, sindikuona mphunzitsi amene angamumane mamalikisi.

Mai_Busa_Sunshine
M'busa wosewera footy? Madala mwandigwira pakamwa. Komabe iye sankasewera Lamulungu.

Madala_a_Preston
Pamenepo mwawina, masiku amenewo ligi inkasewera Loweruka.

Achimwene_Perth
Ine ndingowonjeza za ana athu akuda, poti a Maule akuti si mpira wathu. Majak Daw anabadwira ku Sudan, anakulira kumadzulo kwa Melbourne, anayamba kusewera North Melbourne mu AFL mu 2013. Aliir Aliir anabadwira ku kampu ya othawa nkhondo ya Kakuma ku Kenya, anasewera Sydney kenako Port Adelaide. Kuno ku Fremantle tinali ndi Tendai Mzungu, bambo ake ndi a ku Zimbabwe, aneba athu a kumudzi. Onsewa anadzera m'timatimu ta m'madera, momwe muli makolo oimirira pamphepo. Palibe anagwa kumwamba.

Maule_wa_Dandenong
Chabwino, koma wina andifotokozere mawerengedwe ake. Ndinaona pa TV alemba 12.9 kenako 81. Masamu anji amenewa?

Achimwene_Perth
Mbali iliyonse kuli mapolo anayi. Ukamenya ndi mwendo mpira n'kudutsa pakati pa awiri ataliatali osakhudzidwa, ndi chigoli, mapointi 6. Ukadutsa m'mbali, kapena wagunda polo, kapena wina waukhudza, ndi behind, pointi imodzi. Ndiye 12 kuchulukitsa ndi 6 ndi 72, kuphatikiza 9, 81. Osewera ndi 18 mbali iliyonse, palibe za ofusayidi. Ukawakha mpira umene mnzako wamenya kuchokera pa mamita 15 kapena kuposa, ndi mark, palibe wokugwira mpaka utamenya. Kuponya ndi manja n'koletsedwa, umauika pachikhatho n'kuukhoma ndi chibakera.

Maule_wa_Dandenong
Ndiye kuti ukaphonya golo amakupatsabe pointi yokupepesa? Anthu a kuno ndi achifundo.

NaBanda_Northcote
Musaseke achimwene, ine anandipatsa mbendera ziwiri zoyera kuti ndikaime kuseri kwa mapolo ndizionetsa ngati ndi chigoli kapena behind. Kuno kholo silimangoonerera. Wina asunga nthawi, wina athamangitsa uthenga wa kochi, wina ali ku kantini, wina wa chithandizo choyamba, ndipo mndandanda umazungulira, sungathawe. Ena mwa maudindowa amafuna ukhale ndi Working with Children Check, chilolezo cha boma chogwirira ntchito ndi ana. Mwayi wanga ndi woti kwa ana ang'onoang'ono sasunga zigoli kapena tebulo la ligi, ndiye palibe anandikalipira.

Nesi_wa_Night
Poti mwatchula chithandizo choyamba, ine nkhawa yanga ndi mitu. Ndimagwira ntchito m'chipatala ndipo nyengo ya footy timawaona ana obwera atagundana. Mugulireni choteteza mano chabwino, chopimitsa kwa dokotala wa mano ngati thumba likulola. Ndipo dziwani kuti kuyambira 2024 lamulo la AFL m'matimu a m'madera ndi la ana likuti amene wavulala m'mutu mpaka ubongo kugwedezeka asabwerere m'masewero pasanathe masiku 21. Kochi kapena mwana yemweyo akakuuzani kuti ali bwino patangotha sabata, kanani. Ine wanga wamkazi akusewera ku timu ina ya kumadzulo kuno, ndinakanganapo ndi kholo linzanga pa nkhani yomweyi, mwana wake akuona zinthu ziwiriziwiri iye akuti alowenso poti ndi fainolo.

Chembere_ya_Footscray
Anesi mwati wamkazi? Zinthu zasintha. Ine ndikubwera kuno atsikana ankasewera ndi anyamata ali aang'ono, akangokula pang'ono n'kuuzidwa kuti basi, pitani ku netiboli. Chiyambireni ligi ya amayi ya AFLW mu 2017, makalabu a ana adzaza ndi matimu a atsikana, mpaka mabwalo ndi zipinda zosinthira zovala zikuchepa. Zipinda zambiri zinamangidwa kalekale poganizira amuna okha. Imeneyonso ndi mbiri, mwanayo akhoza kufunsa akomiti kuti timu yoyamba ya atsikana pakalabu pawo inayamba liti. Amakhala nazo zithunzi anthu aja, ena amasunga m'magalaja mwawo.

Kabaza_wa_Tram11
Ine ndikadali pomwe paja. Zikho 8 zija ndi za ndani lero? Brisbane ikuti zake, a pa Brunswick Street akuti zawo, ana nawonso akuti zawo. Chikho chimodzi eni atatu?

Aphunzitsi_Coburg
M'mabuku a ligi zinalembedwa pa dzina la Fitzroy, ndipo Fitzroy imene inalembedwayo ndi yomwe ija ili mu VAFA lero, sinasinthe kukhala kalabu ina. Amene anasintha dzina mu 1996 ndi a Bears. Brisbane ili ndi ufulu wozinyadira chifukwa pangano linawapatsa udindo wosunga mbiriyo, koma sanazisewerere.

Mlendo_ku_Brisbane
Nanga mwana wa zaka 9 anazisewerera?

Aphunzitsi_Coburg
Ayi, koma iye sakuzifuna kuti aziwerengere pamodzi ndi za 2001. Akungofuna kudziwa kuti pabwalo pake panachitika zotani.

Madala_a_Preston
Ndipo panachitika zoseketsa zomwe, ana amakonda zoterezi. Mu 1916, chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mu ligi munatsala matimu anayi okha: Carlton, Collingwood, Richmond ndi Fitzroy. Fitzroy inapambana masewero awiri okha chaka chonse n'kuthera pansi penipeni pa tebulo. Koma poti ndime yomaliza inkafuna matimu anayi, onse analowa. Fitzroy inadzuka kutulo, inagonjetsa onse amene inakumana nawo, n'kutenga chikho pogonjetsa Carlton. Chaka chimodzi, yomaliza ndi yoyamba, timu imodzi. Cha 1944 nachonso anachitengera pa Junction Oval pogonjetsa Richmond, chifukwa MCG inali m'manja mwa asilikali.

Dzina la Lions nalonso si lakale kwambiri. Poyamba ankatchedwa Maroons chifukwa cha mtundu wa jezi, kenako kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anadzitcha Gorillas, anthu n'kumawaseka nalo, mpaka mu 1957 anasankha mkango. Ndiye zikho zonse 8 zinabwera mkango usanafike. A Brisbane mumve bwino pamenepo.

Mlendo_ku_Brisbane
Ndiye kuti mkango unayamba kudya utafika kwathu. Zikomo madala pondithandiza.

Nyerere_ya_Noma
Yomaliza pa tebulo n'kutenga chikho? A Maule lembani, mwina njira imeneyi idzakuthandizani tsiku lina.

Admin_Gulu
Noma, chenjezo lachiwiri.

Chembere_ya_Footscray
Chimene sindikufuna chitayike ndi ichi. Fitzroy ya nthawi ya Doug Nicholls inali dera la anthu osauka, ogwira ntchito m'mafakitale, obwera kuchokera kunja, Aaborijini. Lero nyumba ya pafupi ndi Edinburgh Gardens ine ndi inu sitingaigule ngakhale titasonkha gulu lonse lino. Kalabu ya ana inakula chifukwa m'deralo munalowa mabanja a ndalama zawo, okhala ndi nthawi yokhala m'makomiti. Sindikuti n'zoipa. Koma ana a m'mafulati a boma a ku Atherton Gardens, pa Brunswick Street pomwepo, ambiri a iwo ochokera kwathu ku Africa, ndi amene akufanana kwambiri ndi Fitzroy yakale ija. Kalabu iliyonse ya ana mumzinda muno iyenera kumadzifunsa ngati ana otere akukwanitsa kulipira, kugula nsapato, ndi kupeza wowanyamula pagalimoto masewero akakhala kutali. Kuno kumadzulo ine ndimanyamula ana a eni anayi m'galimoto yanga, makolo awo ali ku shifiti.

Nesi_wa_Night
Zoona amayi. Ndipo makolo ambiri sadziwa kuti boma la Victoria limapereka mavocha a Get Active Kids kwa mabanja amene ali ndi makadi a chithandizo, othandizira kulipira masewero a ana. Komanso ukapita kwa msungichuma wa kalabu mwakachetechete, ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono. Ife timachita manyazi kufunsa.

Kabaza_wa_Tram11
Chabwino, ndavomera theka. Kalabu ilipo. Koma mwanayo asakanene kuti ili mu AFL, anzake a Collingwood amuseka mpaka chaka chithe.

NaBanda_Northcote
Akuti akamba za Doug Nicholls ndi za 1916, zangongolezo akuti n'zotopetsa. Madala a Preston, wafunsa ngati mungalole kuti akufunseni mafunso pa foni Lachisanu akaweruka, aphunzitsi awo akufuna amve kwa munthu wamkulu. Ndikulemberani kumbali.

Madala_a_Preston
Aimbe ikadutsa 5 koloko. Ndipo a Brisbane asakhale pa laini.